Vidiyo ya nyimbo ya kusukulu: tiyambire pati kuti milomo isasemphane ndi mawu?

Tadala:
Moni nonse a pa gulu. Tilipo 5, chaka chachiwiri, ndipo ntchito ya semesita ino ndi kupanga vidiyo ya nyimbo ya mphindi 3 mpaka 4. Woyimba tampeza kale kuno ku Blantyre, nyimbo yake ndi ya afropop. Zida zomwe zilipo ndi Canon 700D ya kudipatimenti (amabwereketsa masiku 2 okha), lenzi ya 18-55 ndi ya 50mm, tripod, mafoni athu, ndi laputopu imodzi ya RAM 8GB. Kwatsala masabata 5. Akuluakulu odziwa, tiyambire pati?

A Gondwe:
Achemwali, kamerayo muyiiwale kaye. Yambirani pa nyimbo. Mufunseni woyimbayo mosapita m'mbali ngati nyimbo yatha kumikisidwa kapena akufuna kubwereranso ku situdiyo. Ngati sinathe, musajambule chilichonse. Prodyusa akasintha tempo (liwiro la nyimbo) pang'ono pokha, kapena akadula intro, zonse zomwe mwajambula sizigwirizananso ndi mawu, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingakuwomboleni.

Pemphani fayilo yomaliza ya WAV, osati MP3 yomwe yayenda pa WhatsApp kudutsa m'mafoni 4. Nyimbo zambiri zimatuluka mu situdiyo pa 44.1kHz pomwe vidiyo imayendera 48kHz. Isintheni kamodzi kukhala 48kHz mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, ndipo fayilo yomweyo ikhale yoliza pojambula komanso yoika pa timeline, pomwe mumasanja makilipu pa editi. Kutsogolo kwake ikani kulira kwa "pi" kanayi, motsatira biti ya nyimbo. Woyimba amadziwira pamenepo polowera, inunso pa editi mumangoona tinsonga 4 pa waveform (chithunzi cha mafunde a mawu) n'kulumikiza. Mukatero iduleni m'zidutswa: vesi yoyamba, kolasi, vesi yachiwiri, bridge, chidutswa chilichonse ndi ma "pi" ake. Popanda izi, munthu wa sipika azingosakasaka pa foni pomwe vesi yachiwiri yayambira, dzuwa likupita.

Mayi Nyirenda:
A Gondwe anena zoona, koma pali pepala lomwe liyenera kutsogolera ngakhale zimenezo. Nyimbo imodzi imakhala ndi eni awiri kapena atatu: wolemba mawu ndi mayimbidwe, mwini biti, ndi yemwe analipira situdiyo. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza onsewo, ndipo kuti ndinu ophunzira sizikupatsani ufulu woika ntchito ya munthu pa YouTube. Lembani tsamba limodzi lonena kuti akulolani kugwiritsa ntchito nyimboyo, vidiyo ikatha mwini wake ndani, ikaikidwa pa tchanelo cha ndani, ndipo mayina anu aoneka pati. Onse asayine, aliyense asunge kope lake.

Chomwe chimagwetsa ophunzira ambiri ndi biti. Oyimba achinyamata amakonda kutenga mabiti olembedwa kuti "free" pa intaneti, osawerenga kuti ulerewo ndi wa kuyeserera basi. Vidiyo ikakwera, Content ID, njira ya YouTube yozindikira nyimbo za eni, itha kuigwira tsiku lomwelo. Mufunseni prodyusa komwe biti inachokera. Ngati muli kachidutswa ka nyimbo yakale kapena nyimbo ya makolo, pitani ku COSOMA, bungwe loona za copyright m'dziko muno, mukafunse, bungweli lakhalapo kuyambira 1992 ndipo ntchito yake ndi yomweyi.

Tadala:
Zikomo madam. Biti anapanga yekha prodyusa, tempo akuti ndi 100. Maganizo athu ndi oti tijambule malo 6: msika wa Limbe, pa njanji, pa denga la hostel, m'mudzi wina ku Chiradzulu, mu klabu usiku, komanso ku nyanja ngati ndalama ipezeka.

Wongani:
Malo 6 m'masiku 2? Aise, mukufuna kujambula vidiyo kapena kukwera minibasi?

Chikondi_kamera:
Wongani wanena moseka koma tiyeni tiwerengere. Pa malo amodzi, woyimba ayenera kuyimba nyimbo yonse katatu: kamera ili patali, ili pakati, ili pankhope. Chilichonse kawiri, chifukwa ulendo woyamba amakhala asanamasuke. Ndiye maulendo 6, uliwonse mphindi 4, ndi mphindi 24 za kujambula kokhakokha. Onjezani kuimika tripod, kuyesa focus, kupukuta thukuta, kudikira galimoto yolengeza malonda idutse, kuonera zomwe mwajambula. Maola 2 amatha bwinobwino. Kusamuka malo ndi anthu 10 ndi katundu kumadya ola lina. Ndiye pa tsiku, malo 2 ndi abwino, 3 ndi kudzikakamiza.

Ndikanakhala inu ndikanasankha malo 3. Amodzi a woyimba yekha, pomwe mungalamulire chilichonse, ndiwo msana wa vidiyo. Awiri enawo a nkhani. Nyanja ichotseni, ulendo wa ku Mangochi wokha ukudyerani tsiku. Njanji ichotseninso: ndi malo a eni ake, sitima yonyamula katundu siyima msanga, ndipo sipika ikamalira simuyimva ikubwera.

Malo amodzi atha kuoneka ngati atatu. Pa denga pomwepo, mukaloza kamera ku phiri ndi chithunzi china, mukaloza ku khoma lopakidwa utoto ndi china, woyimba akasintha malaya mukadikira madzulo ndi chinanso.

Achemwali Thoko:
Pa 100 BPM paja (mabiti 100 pa mphindi) mwachita mwayi, masamu ake ndi osavuta. Biti imodzi ndi masekondi 0.6, ndiwo mafelemu 15 mukajambula mafelemu 25 pa sekondi. Mabiti 4 ndi masekondi 2.4, mafelemu 60. Sindikizani mawu a nyimbo, mzere uliwonse mulembe nthawi yomwe ukuyambira, kumanja kwake mulembe chomwe chioneke. Mukapeza kuti vesi ili ndi mizere 16 koma nkhani yanu ili ndi zithunzi 3, mwadziwiratu kuti mudzasowa chodulira.

Nkhaniyonso ikhale yoti munthu angaifotokoze m'chiganizo chimodzi. Ndipo chonde musamasulire mawu a nyimbo ndi zithunzi mzere ndi mzere. Woyimba akuti "ndinalira", ife tikuona munthu akulira, akuti "ndinaimba foni", tikuona foni. Oonera ali ndi makutu, amva kale.

Yamikani:
Ine ndikuona ngati 700D ndi yakale kwambiri. Mafoni a masiku ano akujambula 4K. Bwanji osangogwiritsa ntchito foni n'kusiya kamerayo?

Chikondi_kamera:
Walira 4K walira hard drive, achimwene. Pa 100Mbps, mphindi imodzi ndi 750MB, ola limodzi 45GB, ndipo laputopu ya 8GB idzangoima. 700D imajambula 1080p pafupifupi 330MB pa mphindi, khadi la 32GB limatenga ola ndi theka. Komanso lenzi ya 50mm pa f/2.8 imalekanitsa nkhope ndi zakumbuyo mwa njira yomwe foni imangoyerekeza. Foni ikhale kamera yachiwiri.

Tadala, lembani izi pa pepala mumate pa chikwama cha kamera. Mu menu, Video system ikhale PAL, apo ayi 25 simuipeza. Jambulani 1920x1080 pa 25, exposure pa manual, shutter 1/50. Chifukwa chake n'chakuti magetsi athu ndi a 50Hz, ndipo mababu a fluorescent ndi ma LED otchipa amaphethira ka 100 pa sekondi. Diso siliona, koma kamera ikakhala pa 1/60 mudzaona mizere yakuda ikuyenda pa chithunzi, ndipo kuichotsa pambuyo ndi chintchito. Mukalumikiza magetsi ku jenereta yaing'ono, yesani kaye masekondi 10 muonere, chifukwa liwiro lake limasinthasintha.

White balance, yomwe imakonza mtundu wa kuwala, isakhale pa Auto, khungu la munthu limasintha mtundu pakati pa vesi mtambo ukangodutsa. Kamera imeneyi ilibe poika nambala ya Kelvin, ndiye sankhani Daylight panja, m'nyumba jambulani pepala loyera muike Custom. Picture style ikhale Neutral, sharpness pa 0, contrast muitsitse pang'ono. Osapitirira pamenepo, fayilo yake ndi ya 8-bit, mukadzaikoka kwambiri mitundu thambo limagawika mizeremizere. Autofocus muizimitse, lembani pansi ndi choko pomwe woyimba aime.

Vuto lina la makamera a Canon a nthawi imeneyo ndi moire. Malata a padenga, khoma la njerwa lili patali, malaya a timizere ting'onoting'ono, chitenje cha timadontho, zonsezi zimanjenjemera ndi mitundu yachilendo. Yesani zovala pa kamera lisanafike tsiku lojambula.

Wongani:
Nanga 1/50 masana dzuwa lili pa liwombo? Chithunzi sichipsa?

Chikondi_kamera:
Chimapsa. Pa ISO 100 ndi 1/50 dzuwa lili phwee, muyenera kutseka mpaka f/22, ndiye zonse zakumbuyo zimaoneka bwino lomwe, ndi fumbi la pa sensa lomwe. Kuti mutsegule kufika f/2.8 pamafunika kuchotsa ma stop 6 (stop imodzi ndi kudula kuwala ndi theka), ndiyo ND64, galasi lakuda loika kutsogolo kwa lenzi. Bwerekani variable ND ya 58mm, yomwe mumapotoza kuti ide kwambiri kapena pang'ono, imakwana pa 18-55, ndipo ndi step-up ring (kamphete kolumikizira) imakwananso pa 50mm. Musaipotoze mpaka kumapeto, imaika mtanda wakuda pakati pa chithunzi. Ikasowa, njira ndi ziwiri: jambulani pa mthunzi, kapena kwezani shutter kufika 1/500 kapena kuposa, podziwa kuti mayendedwe aoneka odukaduka. Pa magule zimakhala bwino, pa nyimbo yachikondi ayi.

Achemwali Thoko:
Zakuwalazo ndiwonjezerepo, chifukwa apa ndi pomwe mavidiyo ambiri a ophunzira amaonekera kuti ndi a ophunzira. Kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko dzuwa limagwera pamutu, maso amalowa mumdima, mphumi ndi mphuno zimanyezimira. Kamera ikaona thambo loyera kumbuyo imachepetsa kuwala, munthu wa khungu lakuda n'kusanduka chithunzithunzi. Yezani kuwala pa nkhope, thambo lipse ngati lipsa.

Muimikeni woyimba dzuwa lili kumbuyo kwake chapambali, kenaka mubwezere kuwala kunkhope. Simufunika kugula reflector. Chidutswa cha styrofoam cha m'katoni ya firiji chimapereka kuwala kofewa. Katoni yokutidwa ndi foyilo yomwe mwayamba mwaifinya imapereka kuwala kwamphamvu, koma musaiyandikize, munthu amatsinzina. Nsalu yoyera ya pabedi anthu awiri atainyamula pamwamba pake imafewetsa dzuwa la masana pa zithunzi za pankhope. Khungu lakuda limakongola likamanyezimira pang'ono, ndiye musalikwirire ndi pawuda wambiri, ingopukutani thukuta pomasindikiza tishu musanayambe ulendo uliwonse.

Kuwala kwa madzulo komwe aliyense amakufuna n'kwakufupi kuno. M'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa isanakwane 5:30, ndipo mdima sumachedwa. Phiri likakhala kumadzulo kwanu, limabisika msanga kuposa pamenepo. Pofika 4 koloko kamera ikhale itaima, woyimba atavala. Miyezi yomweyo chiperoni chimatha kuphimba Blantyre masiku angapo, choncho khalani ndi malo a m'nyumba oti muthawireko, osati kuyamba kuganiza m'mawa wa tsikulo.

Mayi Nyirenda:
Pa malo aja. Mu msika musangofika n'kuimika tripod. Onanani ndi oyang'anira msika ndi akhonsolo masiku angapo lisanafike tsikulo, muli ndi kalata ya kusukulu yodindidwa. Kumudzi yambirani kwa amfumu, ndipo pitani ndi munthu wodziwika kumeneko. Kumanda ndi ku dambwe musaloze kamera. Ngati mukufuna Gule Wamkulu aoneke, zimenezo amaloleza ndi eni mwambo, ndipo kuveka mnzanu zinthu zofanana ndi gule kuti avine mu vidiyo kungakuputireni mkangano waukulu. Nyumba ya boma, malo a asilikali ndi bwalo la ndege ndi malo otetezedwa ndi lamulo. Drone imafuna chilolezo cha oyang'anira za ndege, ndipo kufupi ndi Chileka musayerekeze n'komwe.

Aliyense wooneka nkhope bwinobwino asayine kuti walola. Mwana wosakwana zaka 18 amusayinire kholo. Ana akumudzi amathamangira kamera, koma kuthamangako sikutanthauza kuti makolo awo avomera.

A Gondwe:
Tibwerere ku sipika. Ikhale yamphamvu ndithu, woyimba aimve m'chifuwa. Ndipo aziyimba mokweza, osati kungogwedeza milomo. Munthu akamayerekeza, mitsempha ya pakhosi siyenda, sapuma pomwe anapumira mu situdiyo, ndipo woonera amadziwa kuti china chake chalakwika ngakhale sangachitchule. Maiki ya kamera ikhale yoyaka nthawi zonse, mawu akewo ndi omwe mudzalumikizire.

Yamikani:
Sipika ya Bluetooth imachedwetsa mawu. Sizisokoneza?

A Gondwe:
Ayi. Woyimba ndi kamera onse akumva zomwe zatuluka mu sipika, kuchedwa kwa pakati pa foni ndi sipika sikuwakhudza. Chomwe chimasokoneza ndi mtunda. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, felemu imodzi ndi gawo limodzi mwa 25 a sekondi, ndiye mamita 14 alionse ndi felemu imodzi. Woyimba akakhala mamita 30 kuchokera pa kamera, mwasemphana ndi mafelemu 2. Sipika ibiseni pafupi ndi woyimba, kuseri kwa mwala kapena mtengo.

Chikondi_kamera:
Komabe a Gondwe, sipika ikakhala kwa woyimba, ndiye kamera ndi yomwe imamva mochedwa. Mukalumikiza ndi waveform, milomo imatsogola ndi mafelemu 2 omwewo.

A Gondwe:
Zoona achimwene, kusemphanako sikutha, kumangosamuka. Koma ndi bwino woyimba amve bwino biti, zotsalazo edita akankhe ndi dzanja. Njira yoonera ndi iyi: funani mawu oyamba ndi m, b kapena p, monga "mayi", "bwera", "pepani". Milomo imatsekeka mawuwo asanatuluke. Yendani felemu ndi felemu, felemu yomaliza yomwe milomo ili yotseka igwere pomwe nsonga ya liwulo ikuyambira pa fayilo ya WAV.

Tadala:
Woyimba akufuna kolasi ikhale ya slow motion koma milomo izigwirizana ndi mawu. Zimatheka bwanji?

Chikondi_kamera:
Mumathamangitsa nyimbo pojambula, n'kudzachedwetsa chithunzi pa editi. Mukajambula pa 50, nyimbo ilire pa 200%, ayimbe mothamanga chomwecho, pa timeline ya 25 zibwerera m'malo. Mavuto ndi awiri. 700D imapereka 50 pa 720p pokha, ndiye chithunzi chimafewa poyerekeza ndi zinazo. Ndipo kolasi ya mawu ambiri pa 200 BPM lilime limakana.

Njira yapakati: sinthani kamera kupita ku NTSC, jambulani 1080 pa 30, yomwe kwenikweni ndi 29.97. Nyimbo muithamangitse kufika 119.88%, osati 120, apo ayi pakutha pa kolasi yaitali muyamba kusemphana. Mu Audacity gwiritsani ntchito Change Tempo kuti mawu asasanduke a kamwana. Pa editi uzani pulogalamu kuti kilipuyo iyiwerenge ngati ya 25. Kuchedwa kwake n'kochepa, koma nsalu ndi manja zimayenda mofatsa mokoma. Mukamaliza bwezerani ku PAL nthawi yomweyo, anthu amaiwala n'kujambula tsiku lonse pa 30. Woyimba mupatseni fayilo yothamangayo sabata yathunthu aziyeserera.

Wongani:
Mafoni aja samalani nawo. Amajambula pa variable frame rate, kutanthauza kuti nambala ya mafelemu imatsika foni ikatentha kapena kukada. Kumayambiriro milomo imagwirizana, pofika mphindi yachiwiri yathawa. Musanawalowetse mu editi, makilipuwo adutsitseni mu HandBrake, pulogalamu yosinthira mavidiyo, musankhe 25 ndi Constant Framerate. HDR muizimitse, apo ayi mitundu yake siyigwirizana ndi ya Canon. Pa iPhone yatsani Show PAL Formats kuti 25 ioneke, pa Android yesani Open Camera. Potumizirana gwiritsani ntchito chingwe, WhatsApp imaphwanya chithunzi pokhapokha mutatumiza ngati document.

Mabatire: imodzi ya kamerayo imakhala ola limodzi kapena kupitirira pang'ono pa vidiyo. Pezani 3, mutchaje dzulo lake masana, musadalire kuti magetsi akhalapo usiku. Pa dzuwa kamera imatentha n'kuzima yokha, wina aigwirire ambulera ndipo muziizimitsa mukamakonza zina.

Mayi Nyirenda:
Gawanani ntchito anthu 5 inu, ndipo pamalopo wolankhula ndi woyimba akhale mmodzi. Wotsogolera, wa kamera, wa sipika yemwe azilembanso nambala ya kilipu iliyonse ndi ngati yakoma, wa reflector ndi zovala, ndi woyang'anira nthawi, chakudya ndi anthu oonerera. Wachisanuyo amaoneka ngati alibe ntchito, koma ovina akafika 1 koloko osadya, osamwa madzi, madzulo mujambula nkhope zokwinya. Pa kandalama komwe mwasonkha, mayendedwe ndi chakudya zichotsedwe poyamba.

A Gondwe:
Madzulo a tsiku lililonse koperani khadi lonse malo awiri, laputopu ndi hard drive ina, ndipo hard drive igone kwa munthu wina. Tsegulani makilipu angapo muone kuti akusewera musanafufute khadi.

Pa editi, DaVinci Resolve yaulere ndi yabwino koma imafuna RAM 16GB. Pa 8GB pangani ma proxy (makope opepuka a makilipu) a theka la kukula kwa chithunzi usiku mukugona, kapena gwiritsani ntchito Kdenlive kapena Shotcut, zomwe n'zopepuka. Timeline ikhale 1080p25 musanalowetse kilipu yoyamba, Resolve salola kusintha nambala ya mafelemu pambuyo. Ikani WAV pansi muikhome ndi loko. Maulendo onse a woyimba asanjikeni pamwamba pake, uliwonse pa track yake, onse olumikizidwa. Lizani nyimbo mukudina M pa biti yoyamba ya mabiti 4 alionse. Dulani kaye vidiyo yonse ndi woyimba yekha kuyambira poyamba mpaka pamapeto, kenaka muziika nkhani pamwamba. Mukatero, ngakhale nthawi itakutherani muli ndi chopereka.

Musadule pa biti iliyonse, pakatha masekondi 30 diso limatopa chifukwa likudziwiratu podulira. Vesi ipume, chithunzi chikhale masekondi 4 kapena 5, kolasi ifulumire. Chithunzi chanu chokoma koposa musachiwononge pa intro, chisungireni kolasi yomaliza. Mitundu mukonze pomaliza, ndipo yambani ndi kufananiza khungu la woyimba pa makilipu onse, LUT (fayilo ya mitundu yokonzedwa kale) ibwere pambuyo ngati ikufunika n'komwe.

Tadala:
Talemba zonse. Tasankha denga, mudzi ndi chipinda chimodzi cha kusukulu. Funso lomaliza: potulutsa tiike zotani? Ndipo woyimba akufunanso kachidutswa ka TikTok.

A Gondwe:
Zimitsani mawu onse a kamera, WAV ikhale pa 0dB osaikhudza, prodyusa anamaliza kale ntchito yake. Tulutsani MP4, H.264, 1080p25, pa 12Mbps, mawu AAC 320kbps pa 48kHz. Nyimbo ya mphindi 3 ndi theka ikhala pafupifupi 315MB, ndiye konzekerani bandulo. Tulutsaninso ina yolemera, ya 40Mbps kapena DNxHD, yosunga ndi yopereka ku TV akaifuna. Mayina ndi zolemba zonse zikhale mkati mwa 90% ya chithunzi. Musanapereke, ionereni pa foni yotchipa ndi pa TV ya pa hostel, si pa laputopu pokha.

Wongani:
Za TikTok musadalire kudula kuchokera ku 1080. Mukaimika chithunzi chimenecho mumatsala ndi 608x1080, chimaoneka chofooka, ndipo ovina a m'mbali amadukira pakati. Pa malo alionse, Canon ikamaliza kolasi, jambulaninso ulendo umodzi ndi foni itaimirira, ndi fayilo yomweyo ya ma "pi". Zimangotenga mphindi 5, koma zilembeni pa ndandanda ya tsikulo, apo ayi muzikumbukira woyimba atavula kale malaya.